Jakisoni wa m'khutu wothetsa chizungulire: amagwira bwanji ntchito, nanga ngwa ndani?

Gentamicin si mankhwala achilendo kwa amene anagonapo ndi mwana pachipatala cha Salima kapena cha Nkhotakota. Ndi jakisoni wotchipa amene anamwino amabaya makanda akadwala matenda olowa m'magazi, ndipo kwa zaka zambiri kuno ku Malawi akhala akubayanso odwala chinzonono. Aliyense wophunzira zachipatala amauzidwa chenjezo pa mankhwalawa: akachuluka m'thupi amawononga impso ndi makutu. Madokotala a makutu anatenga kuipa komweko n'kukusandutsa chithandizo. Amathira gentamicin dala kuseri kwa mwinikhutu wa munthu amene chizungulire chamusowetsa mtendere, kuti afooketse kachiwalo kamene kakumuzunza.

Njirayi ndi yoona ndipo yakhalapo kwa zaka zoposa 60. Koma ndi ya matenda amodzi a m'khutu, otchedwa Ménière, ndipo ambiri mwa odandaula chizungulire pamzere wa kuchipatala alibe matendawo. Mayi woyembekezera amene magazi achepa, mwana wa likodzo, wodwala malungo, agogo amene angoyamba mankhwala a BP n'kudzuka mofulumira, mlimi wa mpunga ku Lifuwu amene watha tsiku padzuwa la Okutobala osamwa madzi, onsewa amaona chidima m'maso, thupi limalefuka, amamva ngati akomoka. Makutu awo ali bwinobwino. Chizungulire chochokera m'khutu n'china. Denga limayenda, khoma limathamanga, maso amagwedezeka okha, munthu amasanza mpaka ndulu, koma nzeru zili zonse.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kulowa m'khutumo. Ngalande imene timaiona kunja imathera pa mwinikhutu, kachikopa kopyapyala kamene kamanjenjemera phokoso likafika. Kuseri kwake kuli kachipinda ka mpweya kokhala ndi tifupa titatu, ndi kanjira kotsikira kukhosi. Kanjirako ndi kamene kamatseguka mukameza malovu minibasi ikamakwera zitunda za ku Mvera makutu atatseka. Kupitirira apo, mkati mwa fupa lolimba kwambiri la chigaza, muli khutu lamkati. Mbali yake imodzi, kokileya, ndi yomvera. Mbali inayo ili ndi timachubu titatu topindika ndi timatumba tiwiri, ndipo ntchito yake ndi kuuza ubongo ngati mutu watembenuka, wawerama kapena wangokhala. Zonsezi n'zodzaza timadzi, ndipo m'kati mwake muli maselo okhala ndi tiubweya timene timapindika timadzito tikayenda. Mwa munthu, maselowa akafa sameranso.

Makutu awiri ali ngati anthu awiri opalasa bwato, wina kumanja wina kumanzere. Akamapalasa mofanana bwato limalunjika. Mmodzi akasiya mwadzidzidzi kapena akayamba kupalasa mwamisala, bwato limazungulira. Ngati wasiyiratu, wowongolera amazolowera n'kupeza njira yoyendetsera ndi amene watsalayo. Amene sangazolowereke ndi uja wopalasa lero, mawa wasiya, mkuja wayambanso mosaona nkhope. Ubongo umachita chimodzimodzi: khutu lakufa umalizolowera m'masabata angapo, koma khutu losinthasintha umalephera nalo. Nzeru yonse ya gentamicin yagona pamenepa.

Khutu losinthasintha chotero ndilo matenda a Ménière. Dzinali ndi la Prosper Ménière, dokotala wa ku Paris amene mu 1861 ananena kuti chizungulire chobwera pamodzi ndi kugontha chimachokera m'khutu, pomwe anzake ankati ndi magazi ochuluka mu ubongo. Mu 1938 Hallpike ndi Cairns ku London, komanso Yamakawa ku Japan, atayeza mafupa a makutu a odwala amene anamwalira, anapeza kuti timadzi ta m'khutu lamkati tinachuluka mpaka kufufumitsa zipupa zake. Chimene chimayambitsa kuchulukako madokotala akukanganabe. Zizindikiro zokha ndizo zimadziwika bwino. Chizungulire chimabwera chokha, chimatenga pakati pa mphindi 20 ndi maola 12, n'kupita, kenako n'kudzabweranso. Khutu limodzi limalira, limamveka lodzaza, ndipo kumva kumatsika, makamaka mawu a besi, nthawi zina n'kubwererako. Zaka zikamapita kumvako kumatsikiratu. Odwala ena amagwa pansi mwadzidzidzi ngati wina wawakankha, osakomoka ayi, ndipo pamudzi sizichedwa kutchedwa khunyu kapena za anthu. Tangoganizani kugwa kotero kukupeza siginala ali m'bwato ndi nyali zake usiku ku Senga Bay, kapena mayi ali pamoto.

Nthawi imene chizungulire chimatenga ndi imene imasiyanitsa matendawa ndi anzake, ndipo wodwala yekha ndi amene angaiwerenge. Chizungulire cha m'khutu chofala kuposa zonse ndi chija chosakwana mphindi imodzi, chobwera munthu akatembenuka pamphasa kapena akayang'ana kudenga. Madokotala amachitcha BPPV. Timiyala ting'onoting'ono ta m'timatumba tija timasweka n'kugwera m'kachubu kolakwika. Mankhwala ake si jakisoni kapena mapiritsi. Amamugoneka wodwala n'kutembenuza mutu wake mwadongosolo kuti timiyalato tibwerere, njira imene John Epley wa ku Portland ku America anaifalitsa mu 1992. Imatenga mphindi zochepa, siifuna magetsi, ndipo wachipatala aliyense wophunzitsidwa angaichite pa Khombedza kapena pa Benga. Ine ndimaona kuti ngati pali chinthu chimodzi choyenera kufalikira m'zipatala zazing'ono za kunyanja kuno pa nkhani ya chizungulire, ndi chimenechi, jakisoni wa m'khutu abwere pambuyo. Palinso chizungulire cha masiku angapo osaleka chobwera mtsempha wa khutu ukatupa, ndi china choyenda ndi mutu waching'alang'ala. Ndipo pali choopsa: chizungulire chobwera ndi lilime lolemera, kuona zinthu ziwiriziwiri, dzanzi kumaso, mkono kapena mwendo kufooka, kulephera kuima ngakhale atakugwira. Chimenecho chingakhale sitiroko, ndipo n'chothamangira nacho kuchipatala tsiku lomwelo.

Wodwala Ménière weniweni sayambira pa singano. Amauzidwa kuchepetsa mchere, kuphatikizapo wobisika m'timakyubu tokometsera ndiwo ndi m'tchipisi ta pachiwaya. Ena amapatsidwa mapiritsi okodzetsa, ena betahistine. Kunena zoona umboni wa zonsezi ndi wofooka. Kafukufuku wamkulu wa ku Germany wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti betahistine sanachepetse chizungulire kuposa mapiritsi opanda mankhwala. Promethazine ndi cinnarizine amathandiza tsiku la kusanza lija, koma kumwa tsiku ndi tsiku kumagoneka ubongo n'kuulepheretsa kuzolowera. Ambiri amapezabe bwino ndi zimenezi, kapena matenda amangodekha okha. Jakisoni ndi wa otsala aja, amene miyezi ikupita akugwabe.

Nanga bwanji osangobaya pathako kapena kumwetsa mapiritsi? Khutu lamkati lili ndi chotchinga pakati pa magazi ndi timadzi take, chofanana ndi chimene chimateteza ubongo. Mankhwala omwa amafikako ochepa, ndiye kuti afike okwanira muyenera kudzaza thupi lonse, impso, chiwindi ndi khutu labwino lomwe. Koma pakhoma la kachipinda ka mpweya kaja pali kazenera kozungulira kotsekedwa ndi kachikopa kofewa. Mankhwala akakhala pa kazenerako amalowerera pang'onopang'ono n'kusakanikirana ndi timadzi ta mkati. Khutu lodwala limalandira ambiri, magazi amalandira ochepa kwambiri.

Mbiri ya njirayi inayambira pa chifuwa chachikulu. Streptomycin atapezeka ku America mu 1943, anachiza TB imene inali yosachiritsika, koma odwala ambiri anatuluka m'chipatala akudzandira. Akuluakulu athu amene anabayidwa streptomycin tsiku lililonse kwa miyezi iwiri pobwereza mankhwala a TB akudziwa zimenezi, monganso tonse tikudziwa mmene kwinini amalizira makutu. Madokotala ataona kuti streptomycin amawononga mbali yoimika thupi msanga kuposa yomvera, anaganiza zowagwiritsa ntchito pa Ménière. Cha m'ma 1950 dokotala wa makutu wa ku America, Harold Schuknecht, anayamba kuthira streptomycin m'khutu lodwala lokha. Chizungulire chinatha, koma ambiri anagontheratu khutulo. M'zaka za m'ma 1970 madokotala a ku Germany anasinthira ku gentamicin, ndipo pang'onopang'ono zinadziwika kuti palibe chifukwa chophera kachiwalo konse. Kukafooketsa n'kokwanira. Kale ankathira kangapo patsiku mpaka wodwala ayambe kudzandira. Masiku ano ambiri amabaya kamodzi, n'kudikira masabata angapo, n'kuyeza kumva asanaganize zobwereza.

Kubaya kwenikweniko sikutenga nthawi, ndipo munthu sagonekedwa tulo. Amagona chagada mutu atautembenuzira mbali ya khutu labwino. Dokotala, akuyang'ana pa maikulosikopu kapena kakamera kolowa m'khutu, amapaka mankhwala ochititsa dzanzi pa mwinikhutu, n'kuboola ndi singano yaitali yopyapyala, n'kuthira mankhwala osakwana mililita imodzi. Amayamba wawatenthetsa kuti afanane ndi thupi, chifukwa madzi ozizira akafika kumeneko amayambitsa chizungulire pompopompo. Dokotala wa ku Vienna, Robert Bárány, analandira mphoto ya Nobel ya 1914 chifukwa chofotokoza zimenezi, ndipo mwana wobooka mwinikhutu amene anadumphirapo m'nyanja m'mwezi wa Juni anazimva ndi thupi lake. Chovuta chimabwera pambuyo: wodwala agone chomwecho mphindi 20 mpaka 30 osayankhula, osameza malovu, chifukwa akameza kanjira ka kukhosi kamatseguka mankhwala n'kutsika. Ambiri amamva kuwawa kwa mankhwala kukhosi. Kabowo kamatseka kokha m'masiku ochepa, ndipo mpaka katseke madzi asalowe m'khutu. Mwa ochepa sikatseka, kamafuna kukonzedwa.

Mankhwala amene amabayidwa motere ndi amitundu iwiri, ndipo kusankha pakati pawo ndiye pamene pagona nkhani.

Gentamicin amagwira mochedwa. Tsiku lobaya munthu amabwerera kunyumba bwinobwino. Pakapita masiku angapo maselo aja akayamba kufa, wodwala amayamba kudzandira, akatembenuza mutu msanga zinthu zimatsalira m'mbuyo. Amene sanauzidwe amaganiza kuti dokotala wamuwononga, pomwe ndi chizindikiro chakuti mankhwala agwira. Ubongo umazolowera m'masabata angapo, ndipo umazolowera msanga munthu akamayenda, kutembenuza mutu ndi kuchita masewera amene a fizo amaphunzitsa. Kugona m'nyumba kumachedwetsa. Mwa odwala ambiri chizungulire chachikulu chija chimatha kapena chimachepa kwambiri. Koma kulira kwa khutu ndi kugontha sikuti kumachira, ndipo mwa ena kumva kumatsikiratu chifukwa gentamicin sasankha bwinobwino pakati pa maselo omvera ndi oimika thupi. Zimene zawonongeka sizibwerera.

Mabuku ambiri ofotokoza njirayi analembedwa poganizira munthu woyenda pa simenti, m'nyumba ya magetsi. Thupi limaima mowongoka podalira zinthu zitatu: makutu amkati, maso, ndi zimene mapazi akumva pansi. Khutu limodzi likafooka, maso ndi mapazi zimanyamula katunduyo. Tsopano chotsani maso chifukwa ndi usiku, chotsani nthaka yolimba chifukwa muli pamchenga, m'matope a mpunga ku Bua, kapena m'bwato mwera ukuomba. Mlovi wokoka chilimira usiku, mayi wosenza ndowa kuchokera kunyanja m'bandakucha, wa kabaza wodutsa m'njira za m'minda ya nzimbe ku Dwangwa, onsewa amagwira ntchito pamalo pamene khutu lamkati limatsala lokha. Kusambira pansi pa madzi n'koopsa kwambiri kwa amene makutu onse awiri afooka, chifukwa sadziwa kumwamba ndi kuti. Sindikunena kuti msodzi asalandire gentamicin. Amene akugwa mosayembekezera ali kale pachiswe kuposa amene akudzandira pang'ono. Koma ntchito ya munthu iyenera kukambidwa singano isanatuluke m'pepala, ndipo wodwala asachite manyazi kuifotokoza.

Pali ena amene gentamicin sawayenera. Ngati khutu lodwalalo ndi lokhalo limene likumva, simungaliike pachiswe. Ngati matenda agwira makutu onse awiri, zimene zimachitika kwa ena pakapita zaka, kufooketsa onse kumasiya munthu akuona dziko likudumphadumpha akamayenda, moyo wake wonse. Okalamba ndi amene maso afooka savuta kugwa pambuyo pake. Palinso mabanja amene ali ndi chibadwa chakuti jakisoni mmodzi wa gentamicin kapena streptomycin amawagonthetsa. Chibadwachi chimayenda kuchimayi kokha, ndiye funso loyenera kufunsa ndi la mbumba: amayi, amalume, agogo aakazi, alipo amene anagontha atabayidwa jakisoni?

Mtundu wachiwiri ndi masiteroidi, dexamethasone kapena methylprednisolone. Awa sapha maselo. Akuganiziridwa kuti amachepetsa kutupa ndi kuthandiza khutu kusunga mulingo wa timadzi ndi mchere wake. Kumva sikuwonongeka, ndipo popeza safalikira m'thupi ngati mapiritsi a prednisolone, wodwala shuga kapena BP savutika nawo kwambiri. Kuipa kwake n'kwakuti mphamvu imatha, ndiye ena amabwerera kukabayidwanso. Jakisoni yemweyu amagwiritsidwanso ntchito kwa munthu amene khutu limodzi lagontha mwadzidzidzi, vuto limene limafuna chithandizo m'masiku oyambirira.

Kwa nthawi yaitali anthu ankati gentamicin ndiye wamphamvu, siteroidi ndi wongoyesera. Mu 2016 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa madokotala a ku Imperial College London. Odwala 60 amene mankhwala ena anawakanika anagawidwa pawiri, aliyense anabayidwa kawiri motalikirana masabata awiri, osadziwa kuti walandira chiyani, ndipo anatsatiridwa zaka ziwiri. Chizungulire chinachepa ndi 87 peresenti kwa a gentamicin ndi 90 peresenti kwa a methylprednisolone. Kuyambira pamenepo madokotala ambiri amayamba ndi siteroidi, gentamicin n'kumusungira amene siteroidi walephera kapena amene khutu lagontha kale. Komabe manambala okongolawa tiwawerenge ndi diso limodzi lotsegula. M'kafukufukuyu munalibe gulu lobayidwa madzi chabe, pomwe Ménière ndi matenda amene amadekha okha. Munthu amafuna chithandizo zinthu zikafika poipa, ndiye chilichonse chimene walandira nthawi imeneyo chimaoneka ngati chagwira. Kampani ya Otonomy ya ku San Diego inapanga dexamethasone wokhuthala woti azikhalitsa pa kazenera kaja, koma atamuyerekeza ndi jakisoni wopanda mankhwala sanaonetse kusiyana kokwanira, ndipo mu 2021 ntchitoyo inaimitsidwa. Bungwe la Cochrane, limene limaunika umboni wa zachipatala, litasonkhanitsa kafukufuku yense mu 2023 linati umboni wa mitundu iwiri yonseyi ndi wosalimba. Zonse zikakanika pamatsala opaleshoni, yochotsa khutu lamkati kapena yodula mtsempha wake, ndipo phindu lalikulu la jakisoni n'lakuti odwala ambiri safikanso kumeneko.

Apa pakufunika chenjezo, chifukwa gentamicin amapezekanso m'mankhwala odontheza m'maso ndi m'makutu, ndipo ogulitsa ena safunsa chikalata cha dokotala. Kudontheza pa mwinikhutu wabwinobwino sikuchiza chizungulire, mankhwala safika n'komwe. Kudontheza m'khutu lobooka, monga la ana ndi akulu ambiri amene akhala akutuluka mafinya, kungafikitse mankhwala pa kazenera kaja popanda woyeza mulingo, tsiku ndi tsiku, mwina makutu onse awiri. Anthu ataya kumva ndi kuima bwino mwa njira imeneyi. Khutu la mafinya likayamba kupereka chizungulire, nthawi zina ndiye kuti matenda akudya fupa, ndipo likufuna dokotala wa makutu msanga. Kumbali ina, mayi asakane gentamicin amene namwino akufuna kubaya khanda lodwala chifukwa chowerenga nkhani ino. Mulingo umene amapereka, wa masiku ochepa ndi woyezedwa ndi kulemera kwa mwana, wapulumutsa makanda osawerengeka.

Mankhwala onse awiri ndi otchipa ndipo ali m'mafamase a zipatala zathu. Chosowa ndi zozungulira singanoyo: munthu wodziwa kusiyanitsa Ménière ndi matenda ena, makina oyezera kumva asanabaye ndi atabaya, chida choonera mwinikhutu bwino, ndi wodwala wokhoza kubwerera kangapo. Popanda pepala la kuyeza kumva, dzina lakuti Ménière ndi longoganizira. Kwa zaka zingapo Dr Wakisa Mulwafu wa pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre anali dokotala yekhayo wa opaleshoni ya makutu, mphuno ndi kukhosi m'dziko lonse lino. Zinthu zasinthako, aphunzitsidwa ena kuphatikizapo makiliniko ofesa a makutu, ndipo ku Lilongwe kuli Kamuzu Central Hospital ndi kiliniki yoyeza kumva ya ku African Bible College. Kwa wa ku Salima ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, wa ku Nkhotakota kuwirikiza kawiri. Ulendo wotere ukachitika katatu kapena kanayi, ndi woperekeza, thiransipoti imaposa mtengo wa mankhwala kutalitali. Ichi n'chifukwa china chimene kusankha pakati pa siteroidi wofuna kubwerezabwereza ndi gentamicin wosabwezeka sikungafanane kwa munthu wa ku London ndi wa ku Chia.

Amene akukayikira kuti ali ndi matendawa ayambire pachipatala chapafupi kuti ayezedwe magazi, malungo, shuga ndi BP, aonedwe m'khutu, ndipo ayesedwe ngati si timiyala tija. Kalata yopita ku Lilongwe ichokere kumeneko. Podikira, alembe m'kope tsiku lililonse limene chizungulire chabwera, nthawi imene chayamba ndi imene chatha, khutu limene limalira, ngati kumva kunasintha, ngati anagwa, ndi mankhwala onse amene analandirapo, makamaka majakisoni a TB ndi kwinini. Tsiku lokaonana ndi dokotala nthawi zambiri wodwala Ménière amakhala ali bwinobwino ndipo m'khutu mwake simuoneka kanthu, ndiye kope limenelo, pamodzi ndi buku la kuchipatala ndi zotsatira za kuyeza kumva, ndi zimene dokotala adzagwiritse ntchito posankha ngati singano ikufunika, khutu liti, ndi mankhwala ati.